Phukusi lochoka ku Tete: mawu akuti "mphatso" paokha sakuliwolotsanso malire

Chaka chikamapita kumapeto, mabanja ambiri mumzinda wa Tete amayamba kumanga maphukusi opita kwa ana ndi abale amene ali kunja: wophunzira ku Lisboa kapena ku Coimbra, mchimwene wogwira ntchito ku Johannesburg, mwana wamkazi amene anakwatiwa ku London. M'maphukusimo mumalowa zimene munthu wa kuno amazilakalaka akakhala kutali, monga nsalu za kapulana, nsomba zouma za chicoa, kapenta wa ku Cahora Bassa, ufa wa malambe, masawu ouma ndi nyemba za ku Angónia.

Wotumiza amatha masiku akusankha zinthuzi ndi kufunafuna ndalama za ulendo, koma fomu ya kasitomu amailemba m'mphindi ziwiri ataimirira pa kauntala. Kawirikawiri amangolemba mawu amodzi, "oferta" kapena "mphatso", n'kuika mtengo wongoganizira. Kale zimenezi zinkatheka. Kuyambira 2021 malamulo a mayiko olandira akhala akusintha motsatizana, ndipo lero pepala limenelo ndilo likuweruza ngati phukusi lifika, ligwidwa, libwezedwa kapena liwonongedwa. Vuto la ife a ku Tete ndi lakuti kusinthaku kunabwera pa nthawi imene dziko lathu linataya positi ya boma, komwe munthu wamba akanafunsa nzeru.

Positi ya boma inatha pa nthawi yovuta

Mu Meyi 2021, Conselho de Ministros inagamula zothetsa kampani ya boma ya Correios de Moçambique, imene inali itakhala nthawi yaitali ikulephera kudziimira payokha pa ndalama. Ntchito yotseka kampaniyo inagwera bungwe la IGEPE, loyang'anira katundu wa boma m'makampani. Ambiri sanadandaule chifukwa makalata anali atalowedwa m'malo ndi foni, ndipo ndalama zinkayenda kale pa M-Pesa. Komabe kapulana sangadutse pa WhatsApp. Katundu wogwirika ndi manja amafunabe womunyamula.

Munthu wa ku Matundo, Chingodzi kapena Mpadue amene akufuna kutumiza kanthu kunja watsala ndi njira zitatu. Yoyamba ndi makampani onyamula katundu mwachangu monga DHL, amene ndi odalirika koma mtengo wake nthawi zina umaposa mtengo wa zimene zili m'phukusi. Yachiwiri ndi kupatsira dalaivala wa basi kapena wa galimoto yaikulu. Yachitatu ndi kudikira wachibale amene akukwera ndege. Kwa a ku Angónia ndi Tsangano palinso kuwoloka pa Calómuè n'kukatumiza pa positi ya ku Malawi, koma apo ndiye kuti katundu wadutsa kale chipata chimodzi asanayambe ulendo weniweni.

Pa njira zonsezi funso la kasitomu silithawika. Chimasintha ndi amene akuliyankha komanso amene adzalipire yankho likalakwika.

Zimene fomu imafunsa

Positi za padziko lonse zimatsatira malamulo a bungwe la Universal Postal Union, UPU mwachidule, limene linakhazikitsidwa mu 1874 ndipo likulu lake lili ku Bern m'dziko la Switzerland. Bungweli lili ndi mafomu awiri. CN22 ndi kapepala kakang'ono komata pa kaphukusi kopepuka, kosaposa makilogalamu 2, kamene mtengo wake sukuposa 300 SDR, ndalama yowerengera ya IMF imene ili pafupifupi madola 400 a ku America. CN23 ndi fomu yaikulu ya katundu wolemera kapena wodula kuposa apo. Makampani onyamula mwachangu sagwiritsa ntchito mafomu amenewa. Iwo amafuna fatura, kaya ya malonda kaya yongosonyeza mtengo, pamodzi ndi chikalata cha ulendo. Mayina ndi osiyana koma mafunso ndi omwewo.

Loyamba ndi la anthu: dzina lonse ndi keyala ya wotumiza ndi ya wolandira, kuphatikizapo nambala ya foni. Nambala ya wolandira ndi yofunika kwambiri chifukwa a kasitomu akafuna msonkho kapena kufotokozeredwa, amafunafuna iyeyo. Akapanda kumupeza, phukusi limakhala m'nyumba yosungira katundu mpaka masiku ololedwa atatha.

Lachiwiri ndi la mtundu wa phukusi: mphatso, zikalata, chitsanzo cha malonda, katundu wobwezedwa, katundu wogulitsidwa kapena zina. Apa ndi pamene mawu akuti "mphatso" ali ndi malo ake, ndipo ndi pokhapa.

Lachitatu ndi limene ambiri amalakwitsa. Limafuna kuti chinthu chilichonse chitchulidwe pachokha, ndi kuchuluka kwake, kulemera kwake ndi mtengo wake. Kulemba "zovala" sikokwanira. Mzere woyenera ndi wonga uwu: nsalu 3 za thonje zosindikizidwa maluwa, za mamita awiri iliyonse, mtengo wakutiwakuti. "Zakudya" sikutanthauza kanthu kwa wa kasitomu, pamene "ufa wa chipatso cha malambe, magalamu 500" akuumva. Mawu athu monga chicoa kapena malambe sadziwika ku Frankfurt kapena ku Heathrow, choncho pafunika kulemba m'chilankhulo chimene dziko lolandira limamva, makamaka Chingerezi kapena Chifalansa, kapena Chipwitikizi ngati phukusi likupita ku Portugal kapena ku Brasil.

Pomaliza pali siginecha. Posaina, wotumiza akuvomereza kuti zonse zimene walemba ndi zoona komanso kuti m'phukusi mulibe chinthu choopsa kapena choletsedwa. Siginecha imeneyo ikhoza kumutsutsa pa mlandu.

Fomu imafika phukusi lisananyamuke

Kusintha kwakukulu n'kwakuti fomu sikuwerengedwanso ndi munthu yekha phukusi litafika. Kuyambira 1 Januwale 2021, malamulo a UPU amafuna kuti zimene zalembedwa pa fomu ya katundu zitumizidwe pa kompyuta kudziko lolandira katunduyo asanafike. Mayiko a European Union anayambitsa njira yawo yotchedwa ICS2 pa 15 Malichi 2021, kuyambira ndi maphukusi a positi ndi a makampani achangu obwera pa ndege. Pansi pa njirayi, kompyuta za kasitomu zimaunika mawu olembedwa katundu asanakwezedwe m'ndege, ndipo zikhoza kupempha kufotokozeredwa kapena kuletsa kuti akwezedwe.

EU inafalitsanso mndandanda wa mawu amene siiwalandira ngati kufotokoza katundu, ndipo mawu achingerezi a mphatso, zovala ndi zitsanzo ali m'gulu limenelo. Kompyuta sidziwa kuti wotumiza ndi gogo amene akukumbukira mdzukulu wake. Imangoona kuti mzere wofunika sunadzazidwe bwino.

Kwa amalonda pali sitepe ina. Kuyambira 1 Sepitembala 2025, UPU imafuna kuti katundu wa malonda wotumizidwa pa positi akhale ndi nambala ya manambala 6 ya ndondomeko ya HS. Ndondomekoyi, imene imayendetsedwa ndi World Customs Organization ku Brussels ndipo inayamba kugwira ntchito mu 1988, imapatsa mtundu uliwonse wa katundu nambala yake. Nsomba zouma kapena zothira mchere zimagwera pa 0305. Nsalu za thonje zili m'mutu 52, koma kapulana wa poliyesitala ali m'mutu wina, ndipo msonkho wake ukhoza kusiyana. Mphatso yeniyeni ya pakati pa anthu wamba siikakamizidwa kukhala ndi nambalayi pa lamulo la UPU, ngakhale makampani ena amaifunsabe pofuna kuti katundu asachedwe.

Mphatso ili ndi malire ake

Anthu ambiri amakhulupirira kuti chinthu chikakhala mphatso sichilipira msonkho. Zoona zake n'zakuti dziko lililonse lili ndi mtengo umene mphatso siyenera kupitirira.

M'mayiko a EU, kuphatikizapo Portugal, mphatso yochoka kwa munthu wamba kupita kwa munthu wamba siilipira msonkho ngati mtengo wake sukuposa mayuro 45, ngati imatumizidwa mwa apo ndi apo ndiponso ngati wolandira sanalipire kanthu. Ikapitirira apo, wolandira amalipira IVA, imene ku Portugal mulingo wake waukulu ndi 23 peresenti. Pa katundu wa mayuro 60, zimenezo ndi pafupifupi mayuro 14, tisanawerengere mtengo wa ulendo umene nawo umalowa m'chiwerengero, ndi ndalama imene kampani yofikitsa imalipiritsa pa ntchito ya mapepala. Kwa wophunzira amene akudalira bolosa yochepa, imeneyo ndi ndalama ya chakudya cha masiku angapo.

Ku United Kingdom malire a mphatso ndi mapaundi 39. Ku South Africa, bungwe la misonkho la SARS limalola maphukusi awiri a mphatso pa chaka kwa munthu mmodzi, lililonse losaposa marandi 1,400, ndipo mowa, fodya ndi mafuta onunkhira sizilowa m'chifundo chimenechi. Ku United States mphatso yeniyeni yosaposa madola 100 imalowa popanda msonkho.

Apa pamabwera yesero lochepetsa mtengo. Wotumiza amaganiza kuti akalemba mayuro 20 pa katundu wa mayuro 100 wathandiza m'bale wake. Koma a kasitomu ali ndi mphamvu yotsegula phukusi ndi kuika mtengo wawo, ndipo akapeza bodza akhoza kulipiritsa chindapusa kapena kulanda katundu. Palinso china chimene anthu amaiwala: phukusi likasowa kapena kuwonongeka, chipukuta misozi sichingapose mtengo umene unalembedwa. Amene ananama kuti foni ndi ya madola 10 sangadzapemphe madola 200.

Kulemba ziro nakonso n'kulakwa. Chinthu chilichonse chili ndi mtengo ngakhale chitakhala chosokedwa pakhomo kapena chogwiritsidwa kale ntchito. Njira yabwino ndi kulemba mtengo umene chinthucho chingagulidwe pa msika wa Kwachena lero, kusonyeza bwino ndalama yake, kaya ndi metikali, dola kapena yuro, ndi kusunga lisiti ngati ilipo.

Zimene fomu yolembedwa bwino singapulumutse

Pali katundu amene sangalowe ngakhale fomu itakhala yoona mzere uliwonse, ndipo mwatsoka ndi katundu yemweyo amene Tete imanyadira. Mbuzi ya ku Tete ndi yotchuka dziko lonse, koma nyama, kaya youma kaya yootcha, siiloledwa kulowa m'mayiko a EU m'phukusi la munthu wamba. N'chimodzimodzi mkaka ndi zopangidwa kuchokera ku mkaka. Chifukwa chake ndi kuopa matenda a ziweto. South Africa nayo imafuna chilolezo cha unduna wa zaulimi pa nyama ndi zomera zambiri.

Nsomba zili ndi mwayi wokulirapo. Malamulo a EU amalola nsomba zouma kapena zokonzedwa zodya pabanja mpaka makilogalamu 20. Komabe kampani yonyamula ili ndi ufulu wokana chakudya chonunkha kapena chimene chingawonongeke m'njira, choncho ndi bwino kufunsa musanagule chicoa wodzaza katoni.

Zomera ndizo zimakola anthu ambiri. Kuyambira 14 Disembala 2019, EU imafuna chiphaso cha a zaulimi chotsimikiza kuti mulibe tizilombo kapena matenda pa mbewu zodzala, zipatso zaziwisi, masamba ndi zina zotero. Zipatso zisanu zokha ndizo zinakhululukidwa: chinanazi, nthochi, kokonati, durian ndi madeti. Mango a ku Tete sali m'gulu limenelo. Mizu ndi makungwa a mankhwala achikuda nazo zimadzutsa mafunso, chifukwa wa kasitomu sadziwa kuti ndi za mtengo wanji ndipo zikagwira ntchito yanji. Ufa wa malambe uli pabwino chifukwa EU inauvomereza ngati chakudya mu 2008, koma pafunika kuulemba momveka ndi kuumata bwino. Ufa woyera wopanda dzina m'kapulasitiki umachititsa kuti phukusi lonse litsegulidwe.

Ziboliboli za mtengo wa phingo, umene m'Chipwitikizi timati pau-preto, zili pansi pa pangano la CITES kuyambira Januwale 2017. Zosema zomalizidwa zosaposa makilogalamu 10 a mtengowo pa katundu mmodzi zinapatsidwa mpata mu 2019, koma zikachuluka pamafunika chilolezo. Minyanga ya njovu ndi zikopa za nyama zotetezedwa ndi mlandu wopita nawo kundende. Golide ndi miyala ya mtengo wapatali sizituluka m'dziko popanda zilolezo za boma. Mafuta onunkhira, zopopera ndi mabatire a lithiamu opanda chipangizo chake zimawerengedwa ngati zoopsa m'ndege.

Njira ya basi ilibe pepala, ndipo ilibenso kodandaula

Tete ili pa mphambano. Mabasi ochoka ku Blantyre ndi Lilongwe amalowa pa Zóbuè kapena pa Calómuè, kuwoloka Zambezi, n'kutulukira pa Cuchamano kupita ku Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge mpaka Johannesburg. Kumpoto kuli Cassacatiza, polowera ku Zambia. Choncho n'zosadabwitsa kuti mabanja ambiri amasankha kupatsira dalaivala kapena kondakitala kaphukusi, kulipira pang'ono n'kuimbira foni wolandira.

Njirayi ndi yotsika mtengo ndipo nthawi zambiri imayenda bwino, chifukwa imadalira kudziwana. Koma phukusi lotero limawoloka zipata ngati katundu wa munthu amene walinyamula. Dzina la wotumiza silipezeka paliponse. Likalandidwa pa Beitbridge chifukwa muli nyama kapena mbewu zopanda chilolezo, mwini wake alibe pepala lopita nalo kukadandaula. Dalaivala nayenso amasenza mlandu wa chinthu chimene sanachione. N'chifukwa chake ena amafuna kutsegula phukusi asanalilandire, ndipo si chipongwe akatero. Wotumiza wanzeru amalemba mndandanda wa zimene zili mkati ndi mitengo yake, kupatsa wonyamula kope limodzi, n'kujambula lina pa foni kutumizira wolandira. Lamulo lomweli likhudza wachibale wokwera ndege pa Chingodzi: asanyamule phukusi lomata limene sakudziwa zamkati.

Amalonda ang'onoang'ono ndiwo akupanikizika

Kusintha konseku sikunapangidwe poganizira Tete. Mayiko olemera akulimbana ndi mapiri a timaphukusi ta malonda a pa intaneti, makamaka tochokera ku China kudzera m'makampani monga Shein ndi Temu. EU inachotsa pa 1 Julayi 2021 lamulo limene linkakhululukira IVA pa katundu wosaposa mayuro 22, ndipo mu Novembala 2025 nduna zake za zachuma zinagwirizana zochotsanso chikhululukiro cha msonkho wa kasitomu pa katundu wosaposa mayuro 150. South Africa inayamba mu Sepitembala 2024 kulipiritsa VAT pa timaphukusi totsika mtengo. United States inathetsa pa 29 Ogasiti 2025 lamulo limene linkalola katundu wosaposa madola 800 kulowa mwaulere. Chisokonezo chinali chachikulu moti UPU inalengeza kuti positi 88 zinaimitsa zina kapena zonse mwa ntchito zawo zopita ku America, ndipo katundu wa positi wopita kumeneko anatsika ndi kuposa 80 peresenti.

Ukonde wotchera nsomba zazikulu wagwira ndi matemba omwe. Telala wa ku Tete amene wapeza kasitomala ku Lisboa kudzera pa Facebook, gulu la amayi okonza ufa wa malambe, kapena wosema ziboliboli, onsewa tsopano akufunika fatura, nambala ya HS, dzina la dziko kumene katundu anapangidwa ndi NUIT yawo. Katundu akachuluka amafunika kudutsa mu Janela Única Electrónica ya Autoridade Tributária, kawirikawiri mothandizidwa ndi despachante amene amalipidwa. Ena amathawa zonsezi polemba kuti katundu wogulitsa ndi mphatso. Phukusi limodzi likhoza kudutsa, koma popeza zonse zimasungidwa pa kompyuta, "mphatso" zofanana zochoka kwa munthu mmodzi kupita kwa anthu osiyanasiyana mwezi ndi mwezi zimaonekera. Zikatero amene amayamba kuvutika ndi wogula, ndipo wogula amene walipiritsidwa mosayembekezera sabwereranso.

Zimene zikufunika kuchitika

Mbali ina ili m'manja mwa wotumiza. Musanagule chilichonse, funsani wolandira kuti afufuze malamulo a dziko limene ali, chifukwa iye ndi amene angawapeze mosavuta. Lembani mndandanda muli kunyumba, chinthu chilichonse ndi kuchuluka, kulemera ndi mtengo wake weniweni. Musamate phukusi musanafike pa kauntala. Musalole wina kukulemberani fomu n'kusaina musanamve zimene walemba. Sungani nambala yotsatira phukusi ndi kope la fomu, ndipo muchenjezeni wolandira kuti mwina adzafunsidwa kulipira. Ngati zinthu zikupitirira malire a mphatso, ganizirani ngati si bwino kuchotsako zina kusiyana ndi kunama pa mtengo.

Mbali ina ndi ya mabungwe. INCM, imene imayang'anira ntchito za positi ndi mauthenga m'dziko muno, ili ndi udindo woona kuti makampani ololedwa akufotokozera makasitomala mtengo wonse ndi zoletsedwa asanalandire ndalama. Autoridade Tributária ndi a zaulimi m'chigawo chino angathe kufalitsa malangizo achidule m'Chinyanja, Chinyungwe ndi Chisena, onena kumene chiphaso cha zomera chimapezeka ndi zimene wamalonda wamng'ono ayenera kukhala nazo. Mafomu ndi a m'zilankhulo zakunja, koma kufotokoza kwake kungathe kukhala m'chilankhulo cha munthu amene akusaina.

Ndipo pali funso limene boma likuyenera kuyankha poyera: pambuyo pa Correios de Moçambique, ndani ali ndi udindo wopereka positi ya mtengo wofikirika kwa aliyense, kuphatikizapo wa ku Zumbo, Chifunde kapena Mutarara? Kampani ya malonda imapita kumene kuli phindu. Malinga ngati funsoli silinayankhidwe, mabanja a ku Tete apitiriza kusankha pakati pa njira yodula imene ili ndi mapepala ndi njira yotsika mtengo imene ilibe chitetezo.